Mtsinje wa Ngwerere ndi madimba ake: lipoti la zitsime za m'mbali mwa madzi

Chimene anandiitanira

Lipoti ili ndi la ntchito imene ndinagwira ndi gulu la alimi a madimba m'mbali mwa mtsinje wa Ngwerere, chakumtunda pang'ono kwa Kasisi, kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'chilimwe cha 2024, chaka cha chilala chija. Ntchito yanga ndi kuyeza madzi akumwa ndi kulangiza anthu za zitsime ndi zimbudzi m'makomboni a Lusaka ndi m'midzi yozungulira. Maina a alimiwo sindiwatchula, ndipo malo enieni a madimba awo ndawasiya dala.

Ambiri m'gululi ndi amayi. Amalima repu, chibwabwa, bondwe, kabichi, tomato ndi anyezi, ndipo ndiwo zawo zimathera ku Soweto Market, msika waukulu wa mu Lusaka, ndi m'timisika ta m'makomboni. Madandaulo awo anali awiri. Mayi wina amene ankawapikula masamba ambiri anasiya kubwera kolera ya 2023 mpaka 2024 itavuta, ati makasitomala ake sakufuna ndiwo zothiriridwa ndi madzi a Ngwerere. Chachiwiri, ana a m'makomo a pafupi ndi madimba ankatsegula m'mimba pafupipafupi, chikhalirecho mvula inali itatha kalekale. Njira yothetsera zonse ziwirizi anali ataipeza okha: kukumba zitsime zosaya mapazi ochepa kuchokera pa gombe, kuti azithirira ndi kumwa madzi amene iwo ankati asefedwa ndi mchenga. Zitsime zina zinali zitakumbidwa kale. Kwa ine ankangofuna kalata yonena kuti madzi a m'zitsimezo ndi abwino, yoti akaonetse wopikula uja.

Kalatayo sindinalembe, ndipo chifukwa chake sichingamveke ngati sitiyamba ndi kumene mtsinjewu umachokera.

Kumene Ngwerere amatenga madzi

Lusaka ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,280, ndipo palibe mtsinje waukulu umene umadutsa mumzindamu. Mzinda unakhala pa msana wa dziko, ngati pamwamba pa denga. Mvula yogwa cha ku Matero ndi Chunga imatsata kamtsinje ka Chunga, kukalowa mu Mwembeshi, kenako mu Kafue. Yogwa pakati pa tauni ndi chakumpoto imatsata Ngwerere. Yogwa kum'mawa imatsata Chalimbana. Ngwerere ndi Chalimbana onse amathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amatsikira yekha ku Zambezi osakumana ndi Kafue.

Kumwera ndi kumadzulo, ku Kanyama, John Laing, Misisi ndi Chawama, pansi pali mwala wa laimu ndi dolomite, wodzaza ming'alu ndi mapanga. Kumeneko madzi sayenda pamtunda, amamira. Dzinja likafika pachimake madzi a pansi amakwera mpaka kutulukira pabwalo ndi m'zimbudzi, n'chifukwa chake kumeneko kumasefukira kopanda mtsinje woti munthu auloze ndi chala. Chakumpoto mwala ndi wina, schist, umene sumwa madzi msanga, ndipo dziko ndi lotsetsereka pang'ono. Mitsinje yooneka ndi maso ili mbali imeneyi. Pamene miyala iwiriyi yakumana pamatuluka akasupe ang'onoang'ono, koma amene angayende kutsata Ngwerere kumka kumtunda sakathera pa kasupe. Akathera m'ngalande za simenti.

Yaikulu mwa ngalandezo ndi Bombay, imene imatenga madzi a ku Kamwala ndi pakati pa tauni, kudutsa Northmead ndi Garden mpaka ku Mazyopa. Inamangidwanso ndi thandizo la boma la America kudzera m'bungwe lake lothandiza mayiko ena la Millennium Challenge, pa ntchito ya madzi, suweji ndi ngalande ya madola pafupifupi 355 miliyoni, imene inayenda kuyambira 2013 mpaka 2018. Kwa okhala kumtunda ntchito imeneyi inathandiza, madzi a mvula sakhalitsanso pakhomo monga kale. Koma ngalande yosalala imathamangitsa madzi, ndipo zonse zimene anthu ataya mmenemo, mapulasitiki, matewera, oilo wa m'magalaja, zimafika kumunsi msanga.

M'dzinja zili choncho. Nanga m'chilimwe? Lusaka imalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 800 pachaka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Malichi. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumwamba kuli gwa. Kamtsinje ka msinkhu wa Ngwerere kayenera kukhala mchenga wokhawokha pofika Seputembala, koma iye amayendabe, ngakhale m'chaka ngati 2024 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse.

Madzi amenewa ndi a mumzinda. Ena amapopedwa ku Iolanda pa mtsinje wa Kafue, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumwera, n'kukwezedwa mamita pafupifupi 300 kufika ku Lusaka. Ena amachokera m'ma borehole a mumzinda momwemo. Anthu amamwa, kuphikira, kuchapira ndi kugwiritsa ntchito m'zimbudzi zamadzi, kenako otsalawo amatsika. A m'mapaipi a suweji amapita ku Manchinchi, malo oyeretsera amene anamangidwa kuti azilandira makyubiki mita 36,000 patsiku mzinda udakali waung'ono, kuchoka apo amakakhala m'mapondi (maiwe oyeretsera suweji) a ku Garden, n'kutulukira mu Ngwerere. Kumunsi kulinso mapondi ena a Ngwerere. Otsala, a m'makomboni mopanda suweji, amayenda m'timifolo ta m'mbali mwa nyumba mpaka kugwera m'ngalande. Anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse a mu Lusaka amakhala m'makomboni otere, ndipo ambiri amadalira zimbudzi zokumba.

Choncho dontho limene linatungidwa mu Kafue limatha kukathirira repu pafupi ndi Kasisi, m'chigwa cha mtsinje wina. Mzinda ukamakula, Ngwerere wa m'chilimwe nayenso amakula. Ichi ndicho chimene ndimafuna aliyense wogwira ntchito m'mbali mwa mtsinjewu achigwire kaye asanatsegule pakamwa kulangiza mlimi.

Anthu a m'mbali mwake

Kuchokera ku Garden ndi Chilulu mpaka ku Mazyopa, pafupi ndi Chipata Compound, nyumba zinafika mpaka pa gombe, zina mkati mwenimweni mwa njira ya madzi. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo Januwale aliyense amawachitira umboni. Kolera ya 2017 inayambira chigawo chomwechi cha Chipata mu Okutobala isanafalikire ku Kanyama. Kupitirira apo nyumba zimayamba kutalikirana, pamabwera mapuloti atsopano a mipanda ya njerwa, mafamu, ndi dera lotchedwa Ngwerere pa njanji yopita ku Kabwe. Kenako mtsinje umakhota kuloza kum'mawa, kudutsa kumpoto kwa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kufika ku Kasisi. Kumeneko ansembe a chiJesuit anakhazikitsa mishoni mu 1905, ndipo sukulu yawo ya zaulimi, Kasisi Agricultural Training Centre, yakhala ikuphunzitsa alimi kuyambira 1974. Kuli damu limene limasunga madzi a mtsinjewu. Pang'ono kumunsi Ngwerere amathera mu Chongwe.

Kuyambira apo ndi dziko la Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Chongwe amasonkhanitsa madzi a dera loposa masikweya kilomita 5,000, kudutsa tauni ya Chongwe pa Great East Road, makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lusaka, kenako kugwera m'mapiri ndi kutsika mpaka ku Zambezi kwa Chiawa, pa malire a kumadzulo a Lower Zambezi National Park, kumene dziko lili pa mamita pafupifupi 400 okha. Chodabwitsa kwa alendo n'chakuti damu la tauni ya Chongwe lakhala likuphwa m'zaka zouma anthu n'kumadikira madzi a m'mabauza (magalimoto onyamula madzi), pamene Ngwerere kumtunda akuyenda. Palibe chozizwitsa. Pakati pa Lusaka ndi Chongwe pali madamu a m'mafamu, mapampu ndi madimba osawerengeka, ndipo aliyense amatapa. Chalimbana, amene akanathandiza, gwero lake lili mu Forest Reserve No. 27, nkhalango imene zigawo zake zinayamba kuchotsedwa m'kaundula kuyambira 2017 n'kusanduka mapuloti.

Alimi anga ali pakati pa ulendowu: kutali ndi ngalande mokwanira kuti madzi aoneke ngati a mtsinje, pafupi mokwanira kuti akhalebe ndi zimene anatenga m'tauni.

Zimene ndinapeza pa madimba

Madzi pamalopo ndi obiriwira ndi ndere, ndipo pamene agwera pa miyala pamachita thovu loyera losaphwa msanga. Fungo si lamphamvu, koma ukavundula matope a pansi ndi akuda ndipo amanunkha. M'mbali muli bango lambiri. Repu wawo ndi wonenepa modabwitsa, masamba otambalala, pamene feteleza amathira pang'ono kapena osathira n'komwe. Alimi amadziwa chifukwa chake ngakhale sachitchula ndi dzina. Madzi ochoka m'mapondi amakhala ndi nayitirojeni ndi fosifolasi, chakudya cha mbewu.

Zitsime zimene anakumba n'zofika m'chiuno kapena m'khosi, zopanda njerwa, zopanda chivundikiro. Ndinapempha mnyamata wina kuti akapize chimodzi ndi ndowa mpaka chitsale pang'ono, kenako tinakhala pamphepete n'kuyang'ana. Madzi anayamba kuchucha kuchokera kukhoma loyang'ana kumtsinje, timizere tonyezimira mumchenga, pamene khoma la kumtunda linali louma. Atadzaza analekezera pa mlingo womwewo wa mtsinje. Tinazika ndodo ina m'chitsime, ina mumtsinje, n'kulemba zizindikiro ndi mpeni. Pamene wina kumtunda analiza pampu mtsinje n'kutsika, chitsime nachonso chinatsika. Apa sipanafunike makina. Amayi anaona okha kuti chitsimecho ndi mtsinje womwewo wodzera njira ya pansi.

Mchenga umasefadi, pamenepo sananame. Umagwira ndere, matope ndi mazira a njoka za m'mimba, n'chifukwa chake madzi a m'chitsime amaoneka oyera. Koma mchenga wa mapazi ochepa sungagwire tizilombo tonse ta m'chimbudzi, ndipo kuyera kwa madziwo ndiko kunawapusitsa. Pamene ankatunga mumtsinje, madzi akumwa ankakawagula pa kiyosiki kapena kukatunga pa mjigo wa kusukulu, chifukwa palibe amene angamwetse mwana madzi obiriwira. Zitsime zitabwera, ulendo wa ku mjigo unaoneka wotaya nthawi.

Ndinagwiritsa ntchito timabotolo toyezera mwachangu, tija timasanduka takuda pakatha tsiku limodzi kapena awiri ngati m'madzi muli tizilombo totulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Timabotoloti sitiwerenga kuchuluka kwa tizilombo, timangochenjeza, koma ubwino wake ndi wakuti mwini madzi amatisunga m'nyumba mwake n'kuona yekha. Ta mumtsinje tinada. Ta m'zitsime za pa gombe tinada. Ta pa mjigo sitinasinthe. Chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti m'makomo ena madzi a pa mjigo omwewo, atatungidwa m'chigubu cha m'nyumba, nawonso anada. Zigubu n'zomwezo zopitira kudimba. Muyezo wa World Health Organization, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, pa madzi akumwa ndi wakuti mu mamililita 100 musapezeke kachilombo ka m'chimbudzi kotchedwa E. coli ngakhale kamodzi, ndipo zitsanzo zimene ndinatumiza ku labotale zinagwirizana ndi timabotolo tija: za m'zitsime sizinakwanitse muyezowo.

Panalinso chimbudzi chokumba cha alimi omwewo, chakumtunda kwa zitsime ziwiri, chosafika n'komwe pa mamita 30 amene timalangiza. Chimenechi sichinachokere ku Lusaka.

Kukambirana

Wapampando wa gululi ndi mayi wachikulire amene wakhala akulima pamalopo kuyambira ali mtsikana. Atamva kuti kalata kulibe anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawanga, mtsinje uno ndi umene waphunzitsa ana anga onse. Lero ukuti tiusiye?"

"Ayi amayi, sindikuti muusiye. Ndikuti musaumwe, ndipo musatsukiremo ndiwo zopita kumsika."

Pano ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena a zaumoyo, amene yankho lawo limangokhala loti kulima ndi madzi otere kuletsedwe. Kuletsa n'kosavuta kulemba. Koma m'chilimwe cha 2024, chimanga chitapserera m'minda ndipo magetsi akuzima maola ambiri chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, madimba amenewa ndiwo anali nkhokwe ya mabanjawa. Mukawathamangitsa lero, mawa pabwera ena, usiku. Malangizo a World Health Organization a 2006 okhudza kuthirira ndi madzi ogwiritsidwa kale ntchito amavomereza zimenezi: pamene madzi sangayeretsedwe mokwanira, ikani zotchinga zingapo pakati pa mtsinje ndi pakamwa pa munthu, chilichonse chichotseko gawo lake.

Tinagwirizana zotsatirazi, ndipo zina anazipereka ndi iwo eni. Zitsime za pa gombe zikhale zothirira basi. Pa ntchito imeneyo n'zabwino kuposa mtsinje, pakuti mazira a njoka amatsalira mumchenga, bola wotunga asavundule matope a pansi. Madzi akumwa achokere pa mjigo kapena pa kiyosiki, athiridwe klorini, akhale m'zigubu zawozawo zimene anazimanga kansalu kofiira pa chogwirira kuti mwana asasokoneze. Chimbudzi chija chikwiriridwe, china chikumbidwe kutali.

Pa kathiridwe tinakhalitsa. Chizolowezi chawo ndi kuwaza ndi kheni kuchokera m'mwamba, madzi n'kumagwera pa masamba ndi kudumphitsira dothi pa mbewu. Ndinawapempha kuti kheni azitsitsa pafupi ndi nthaka, kapena aziyendetsa madzi m'mifolo pakati pa mizere. Ndinapemphanso kuti bedi lokololedwa lisathiriridwe kwa masiku awiri kapena atatu, kuti dzuwa liphe tizilombo totsalira pa masamba. Apa anakana poyera. Repu wa mu Okutobala akakhala masiku atatu osamwa amafota, ndipo wofota ku Soweto sagulidwa. Anali ndi mfundo. Tinathera pa tsiku limodzi lathunthu m'miyezi yotentha, ndi masiku ochulukirapo mu Juni ndi Julaye. Si zimene buku limafuna, koma ndi zimene angachite popanda ine kuwaimirira.

Chimene ndinaumirira kwambiri ndi kutsuka. Madzulo akakolola ankamanga mitolo n'kuiviika mumtsinje kuti igone yonyowa, ifike kumsika m'mawa ili yowala. Ndi mchitidwe umenewu umene umafafaniza zonse zabwino zimene achita kudimba. Tsopano anaika diramu la madzi a pa mjigo pansi pa mtengo, lotsukira ndi kuwazira mitolo. Kudzaza diramulo ndi ntchito, ndipo amasinthana.

Mbewu tinazigawa pawiri. Repu, chibwabwa ndi bondwe timadya zophika, ndipo moto umapha tizilombo. Zoopsa ndi zodyedwa zosaphika: letesi, kabichi wa saladi, tomato, anyezi wa masamba. Letesi anavomera kumusiya. Tomato anavomera kumumangirira pa timitengo kuti zipatso zisakhudze pansi. Za majombo ndinanena, podziwa kuti ambiri sagula. Njoka zina za m'mimba zimalowera kuphazi, ndipo amayiwa amaima m'matope tsiku lonse opanda nsapato, choncho ndinawalumikiza ndi achipatala cha m'deralo kuti iwo ndi ana azilandira mankhwala a njoka.

Moto suchotsa chilichonse. Zitsulo monga lead ndi cadmium, ngati zili m'nthaka, zimalowa m'masamba ndipo kuphika sikuzichotsa. Mtsinje wolandira madzi a m'magalaja ndi m'malo owotcherera zitsulo uyenera kuyezedwa pa zimenezi. Ndinalemba m'malangizo anga kuti dothi la m'mabedi akale kwambiri ndi masamba ake zipite ku labotale.

M'malo mwa kalata imene ankafuna, ndinalemba ina yofotokoza zoona: kuti gululi limathirira ndi madzi ochokera mu Ngwerere, ndi njira zimene likutsata pofuna kuteteza ogula. Wopikula uja anabwera kudzaona yekha diramu ndi mifolo. Anayambiranso kutenga repu ndi chibwabwa, koma kabichi ndi tomato anakana, ndipo sindinamutsutse. Za ana, amayi akuti kutsegula m'mimba kwachepa. Awa ndi mawu a pakamwa ndipo ndawalemba monga mawu a pakamwa. Chimene ndinaona ndi maso n'chakuti timabotolo ta m'zigubu za kansalu kofiira sitinadenso m'makomo ambiri, kupatula mmene klorini anawathera osagula wina.

Zotsala

Lamulo la madzi la 2011, limene linakhazikitsa WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, limalola munthu kutunga madzi a pakhomo popanda chilolezo, koma wopopa madzi a malonda ayenera kukhala nacho. Ena m'gululi ayamba kugula mapampu a petulo, ndipo akangotero alowa m'gulu la otapa amene anthu a ku Chongwe amawadandaula. Ndinawalangiza kuti akalembetse monga gulu, chifukwa tsiku limene madzi adzagawidwe pa pepala, amene sali pa pepalapo sadzawerengedwa. Lamulo lomwelo limapereka mpata wa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, ndipo alimi ang'onoang'ono a Ngwerere ayenera kukhala ndi mpando mmenemo pamodzi ndi eni mafamu.

Nkhani ina ndi ya Lusaka Sanitation Program, imene m'mapulani ake muli kumanga malo atsopano oyeretsera suweji ku Chunga ndi ku Ngwerere, kuti Manchinchi apume. Zikadzatheka, malo amene madzi amalowera mumtsinje adzasunthira kumunsi. Kuona kwanga, alimi a pakati pa Garden ndi Ngwerere adzapeza mtsinje wochepa m'chilimwe, pamene a chaku Kasisi, monga gulu ili, adzalandira madzi oyera kuposa a lero koma mwina osanenepetsa repu monga kale, ndiye feteleza kapena manyowa adzalowa m'bajeti. Ndinawauza kuti ayambiretu kuphunzira kupanga kompositi, poti aphunzitsi ake ali pafupi pomwepo ku Kasisi.

Zitsime za pa gombe zimamizidwa mtsinje ukadzaza mu Januwale, ndipo madzi akaphwera anthu amakumba zina, nthawi zambiri alimi atsopano amene sanaone ndodo zija. Ndapempha wapampando kuti kuyesa kwa ndowa ndi ndodo kuzichitika chaka chilichonse mu Meyi, pamaso pa aliyense wobwera kumene, ndipo kuti dothi la ku labotale litengedwe mvula isanagwe.